Njira za odwala a ku Zemba

Kale ku Zemba munthu akagona pamphasa masiku angapo osadzuka, abale ake sankayamba n'kufunsa dzina la nthendayo. Ankafunsa kumene yachokera. Chimfine, chifuwa cha m'nyengo yozizira, kapena kufooka kwa nkhalamba yomwe yadya zaka zake, zimenezo ankati ndi matenda a Mulungu, ndipo panalibe woimbidwa mlandu. Koma mnyamata wamphamvu akagwa mwadzidzidzi, mwana akayamba kutupa, mayi akavutika pobereka, akuluakulu ankayang'anana. Mwina mizimu yakwiya chifukwa mowa wa maliro sunaphikidwe. Mwina wina m'nyumbamo wadumpha mwambo. Mwina pali dzanja la munthu. Zimene akuluwo agwirizana ndi zomwe zinkasankha njira yoti wodwalayo adzere.

Zemba ili m'boma la Chadiza, kum'mawa kwa Zambia, pakati pa Achewa a Kalonga Gawa Undi. Chakumwera kuli malire a Mozambique, omwe azungu anawalemba modula mbumba pakati, moti mpaka lero alipo anthu omwe atsibweni awo amakhala mbali inayo, kumene akale ankangoti kwa Apwitikizi. Malirewo ali ndi gawo lalikulu m'nkhani ino, chifukwa lamulo la Angerezi linkathera pomwepo pamene chibale ndi mantha zinkapitirira.

Njira yoyamba inali yaifupi, ya kuseri kwa nyumba ndi kutchire lapafupi. Pafupifupi mayi aliyense wachikulire ankadziwa mitengo yake. Khungwa lowawa la muwawani linali la m'mimba ndi kutentha thupi. Mizu ya mpoza, ya naphini, ya palibekanthu, iliyonse inali ndi ntchito yake. Chipatso cha mvunguti ankachiviika n'kumwetsa munthu yemwe akuoneka kuti magazi amuchepera. Masamba a mpungabwi ankafukiza m'nyumba kuti udzudzu uthawe, kalekale anthu asanamve kuti udzudzu ndiwo umabweretsa malungo. Wothyoka mwendo ankamumanga ndi timitengo ndi luzi, ndipo ambiri ankayendanso. Nzeru imeneyi sindiiyesa yachabe ngakhale pang'ono. Anaipeza poyesa, mibadwo ndi mibadwo, m'dziko lopanda sitolo ya mankhwala. Chofooka chake chinali muyezo. Mphika womwewo wa mizu umene unachiritsa bambo wamkulu unkatha kupha khanda, ndipo lumo limodzi lotemera mphini linkadutsa pa anthu a nyumba yonse osaliphika.

Pa zikhulupiriro zonse zomwe ndinakula ndikuzimva, cholemera kwambiri chinali mdulo, umene ena amati tsempho. Maziko ake ndi akuti anthu ena ndi otentha, ena ndi ozizira. Wokhala malo amodzi ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi wotentha. Khanda, namwali yemwe ali m'chinamwali, wodwala, mayi yemwe wangochira kumene, onsewo ndi ozizira. Wotentha akakhudza wozizira pa nthawi yolakwika, amamudula. Mchere ndiwo unkanyamula ngoziyo, n'chifukwa chake mayi yemwe ali kumwezi sankathira mchere m'ndiwo, ankaitana kamwana kuti kadzathire. Mwana akabadwa, mayi ake ankakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa, ndipo iwo ndi amuna awo ankagona kosiyana kwa miyezi, kufikira anamkungwi atawalangiza za kutenga mwana. Bambo yemwe wayenda njira zam'mbali m'nyengo imeneyo n'kubwera kudzanyamula khanda, ankati wamudula mwana wake. Zizindikiro zake aliyense ankazidziwa: kutupa nkhope ndi miyendo, tsitsi kufiira n'kuyamba kuthothoka, kutsokomola, kuwonda, mwana kukhala wosasangalala.

Mwambo umenewu unasunga ana ambiri, ndipo zimenezi ziyenera kunenedwa. Unkatalikitsa mimba, unkapatsa mayi mpata wobwezeretsa mphamvu, unkachititsa kuti mwana ayamwe nthawi yaitali, unkatsekereza alendo kugwiragwira khanda la masiku ochepa. Unkamangiranso mwamuna pakhomo, poti palibe amene ankafuna kutchedwa wopha mwana wake yemwe. Koma taonaninso zizindikiro zija. Ndi zomwezo zimene dokotala Cicely Williams anazilemba m'zaka za m'ma 1930 ali ku Gold Coast, dziko lomwe lero ndi Ghana, pofotokoza nthenda ya kwashiorkor, yobwera chifukwa chosowa chakudya choyenera mwana akachotsedwa kubere. Kwathu kuno ana ankatupa kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, mtedza utatha, phala lili la ufa woyera wokhawokha, malungo ndi kutsekula m'mimba zili pachimake. Mwana wotere ankafunika phala la nsinjiro, mazira, nyemba ndi chipatala. M'malo mwake ankaitanitsa bwalo la m'nyumba. Amayi ake ankawakhazika pansi, apongozi uku, anamkungwi uku, n'kumawafunsa kuti, “Nenani, mwayenda ndi yani?” Bambo ankafunsidwanso, koma bambo amatha kudzuka n'kuchokapo. Mayi ndiye ankatsala ndi mwana wotupa m'manja ndi mlandu pamutu. Masiku omwe ankatha akufufuza wolakwa ndi omwewo amene mwanayo akanapulumukira.

Zina zinali zazing'ono koma zofala. Liwombo la khanda likalowa m'kati, ankamata mankhwala akuda pamutu, pomwe chenicheni n'chakuti madzi atha m'thupi chifukwa chotsekula. Mwana wotupa kapamba chifukwa cha malungo obwerezabwereza ankamutemera mphini kumanzere kwa mimba. Mnyamata wokodza magazi ankamuuza kuti akukula, osadziwa kuti likodzo walitenga posambira m'madambo. Mayi woyembekezera ankamuletsa mazira kuti mwana angabadwe wopanda tsitsi, ndiponso kuima pakhomo kuti mwana angadzaime panjira. M'chiuno ndi m'khosi mwa ana munkalendewera mphinjiri, zomwe anamwino akuzionabe pa sikelo mpaka pano.

Nthenda ikakana mizu, ndipo palibe wovomera kuti wadula, njira inkatalika. Ankapita kwa sing'anga wa ula, makamaka wakutali wosadziwa za m'mudzimo, kuti zonena zake zikhulupirike. Akatchula ufiti, chotsatira m'masiku amakedzana chinali mwavi, khungwa lapoizoni losinja n'kusungunula m'madzi. Wosanza ankati ndi woyera, wofa ankati ndi mfiti. Boma la Northern Rhodesia linaletsa zimenezi ndi lamulo la ufiti la 1914, lomwe linapangitsa kukhala mlandu kumwetsa mwavi ngakhalenso kutchula munthu kuti ndi mfiti. Lamulolo lidakalipo m'malamulo a Zambia. Kwa anthu a nthawiyo linaoneka ngati boma laima kumbali ya mfiti, chifukwa wodandaula ndiye ankamangidwa. Choncho mwavi sunathe, unangobisala. Ena ankamwetsa nkhuku m'malo mwa munthu. Ena, monga akale amasimbira, ankangodutsa malire usiku n'kukamwera kwa Apwitikizi, kumene mesenjala wa bwanamkubwa wa ku Fort Jameson, komwe lero ndi ku Chipata, sakanawatsata.

Mzungu wina wofufuza za chikhalidwe, Max Marwick, anakhala pakati pa Achewa a kwa Kawaza, ku Katete, oyandikana nafe, maulendo angapo kuyambira 1946 mpaka 1953, ndipo buku lake lotchedwa Sorcery in its Social Setting linatuluka mu 1965. Chimene anapeza, mwana aliyense wa kuno akanamuuza: mfiti siichokera kutali. Milandu yambiri inali pakati pa anthu a mbumba imodzi, olimbirana ufumu, ng'ombe, chuma chamasiye, kapena chisamaliro cha atsibweni. Mkangano womwe anthu sakanatha kuunena poyera chifukwa cha ulemu wa pachibale unkatulukira pa maliro. Mudzi ukakula mpaka kuthina, imfa imodzi inkakwanira kuti ena asamuke n'kukamanga mudzi wawo, akunena kuti akuthawa kulodzedwa. Midzi ingapo yomwe lero ili moyandikana, ya mafumu apachibale, inabadwa motero.

Anthu otopa ndi maliro amalakalaka mankhwala amodzi otha zonse, ndipo kangapo konse kunabwera olonjeza zimenezo. M'zaka za 1933 ndi 1934 kunadutsa a mchape, omwe ankati mankhwala awo achokera kwa Kamwiri wa ku Mulanje, ku Nyasaland. Anali anyamata ovala zachizungu. Ankaimika mudzi wonse pamzere, n'kumayang'ana munthu aliyense pagalasi, wogwidwa n'kumuuza kuti atulutse nyanga zake. Nyanga ndi zithumwa zinkaunjikidwa pamphambano, kenako onse ankamwa mankhwala ofiirira, atauzidwa kuti wobwerera ku ufiti adzafa. Mchape unafika mpaka kwa Abemba, kumene wofufuza wina, Audrey Richards, anauona n'kuulemba. Maliro sanaleke. Mu 1947 kunamvekanso Bwanali ndi wotsatira wake Mpulumutsi, ndipo anthu a m'boma la Fort Jameson, lomwe Chadiza inali mbali yake, ankayenda m'magulumagulu kukalandira mankhwala awo. Ine sindiwaseka makolo amenewo. Anali anthu oika ana m'manda chaka ndi chaka, amuna awo ali ku migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Johannesburg kusaka ndalama ya msonkho, ena n'kubwerako ndi chifuwa chosamva mizu. Woti awafotokozere za tizilombo tosaoneka ndi maso kunalibe, ndipo ngakhale akanakhalapo, analibe choti awapatse m'manja.

Njira ina inatseguka m'boma lathu lomweli. Amishoni a Dutch Reformed Church, omwe anayamba ntchito ku Magwero mu 1899, anatsegula Nsadzu mu 1908, ndipo patapita zaka malowo anadziwika monga kosungira ndi kuchiritsira akhate. Kuti mumvetse kukula kwa nkhaniyi muyenera kudziwa mmene wakhate ankakhalira. Ankamumangira kanyumba kunja kwa mudzi, mbale yake ili payokha. Akuluakulu amasimba kuti akamwalira sankamuika m'manda ngati anzake, ankamukulunga n'kukamusiya pamtengo kapena kuphanga, poopa kuti nthaka ingaipitsidwe. Ku Nsadzu anthu omwewo anapeza owagwira ndi manja, owatsuka zilonda. Mankhwala oyamba anali majakisoni opweteka a mafuta a chaulmoogra, osathandiza kwenikweni. Cha m'ma 1950 kunabwera mapiritsi a dapsone, ndipo kuchokera m'zaka za m'ma 1980 mankhwala ophatikiza anayamba kuchiza khate kotheratu m'miyezi yowerengeka. Pamene anthu anaona wakhate akubwerera kumudzi zilonda zitapola, akulima, akukwatira, ana ake ali bwinobwino, mantha aja anayamba kusungunuka okha. Lero achinyamata ambiri a ku Zemba sanaonepo wakhate, ndipo Nsadzu amaidziwa monga malo osamalira odwala matenda a maganizo, omwenso mpaka pano ambiri amati ndi olodzedwa kapena anaphonya chizimba.

Chipatala cha St Francis ku Katete chinatsegulidwa mu 1948, ndipo cha Mwami, cha a Seventh-day Adventist kufupi ndi Chipata, chinalipo kale. Kwa munthu wa ku Zemba konseko kunali kutali, ulendo wa pamachira, kenako wa pangolo kapena panjinga. Wodwala ankafikako atatheratu, ambiri n'kumwalirira komweko, ndipo kumudzi kunkabwerera mbiri yoti kuchipatala n'kofera. Mbiriyo inkachedwetsa wodwala wotsatira, nayenso n'kukafika mochedwa. Kutenga magazi kokayeza kunadzutsa mantha enanso. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930 m'Northern Rhodesia munkayenda mphekesera za banyama, anthu oti amagwira anzawo n'kuwapopa magazi kukagulitsa kwa azungu, ndipo mphekesera za mtundu womwewo zinaphetsa anthu ku Malawi mu 2017. Komabe jakisoni anthu anamulandira msanga. Penisilini ankapoletsa zilonda za chindoko m'masiku ochepa, maso akuona. Katemera wa nthomba anasiya chipsera paphewa la anthu ambiri obadwa zisanafike zaka za m'ma 1980, ndipo nthomba, yomwe inkapulula midzi, inalengezedwa mu 1980 kuti yatha padziko lonse. Sindinamvepo munthu wa kwathu akupita kwa sing'anga kukafunsa chifukwa chake nthomba inasowa. Chikuku chokha ndicho chinatenga nthawi, popeza ambiri ankati mwana wa chikuku akabayidwa jakisoni amafa, ndiponso kuti makolo ake akakhala malo amodzi nthendayo imalowa m'kati.

Kenaka kunabwera Edzi, ndipo zonse zomwe zinkaoneka ngati zikutha zinadzukanso. Zambia inalengeza wodwala woyamba mu 1984. Kumidzi nthendayi inafika ndi ana athu obwerera kuchokera ku Lusaka ndi ku Copperbelt, owonda, otsokomola, otsekula, tsitsi litapyapyala. Akuluakulu anaziyang'ana n'kunena kuti izi tikuzidziwa, ndi kanyera, nthenda yogwira mwamuna yemwe wagona ndi mkazi wa kumwezi kapena wopita padera. Ena anati ndi mdulo. Ena anati anzake a kuntchito amulodza chifukwa cha udindo. Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda ananena poyera kuti mwana wake Masuzyo anamwalira ndi Edzi, chinthu chomwe atsogoleri ochepa kwambiri a mu Afirika analimba mtima kuchita, koma pamaliro a kumudzi dzinalo silinkatchulidwa. Tinkangoti anadwala nthawi yaitali. Kuchipatala kunali uphungu ndi panado, mankhwala kunalibe. Ndiye mbuzi zinatha, ng'ombe zinagulitsidwa, mabanja akuyenda kwa asing'anga mbali ino ndi mbali inayo ya malire. Mu 1995 Billy Goodson Chisupe wa ku Machinga, ku Malawi, atanena kuti walota mankhwala a Edzi, anthu miyandamiyanda anakhamukira kwawo kukamwa, ndipo mankhwalawo anatchedwanso mchape. M'zaka zimenezo agogo ambiri omwe anatsala akulera ana amasiye ndi omwewo ankalozedwa chala kuti adya ana awo. Palibe nkhanza ina m'mbiri yathu imene imandipweteka kuposa imeneyo, mayi woika ana ake anayi kapena asanu m'manda, kenako n'kuthamangitsidwa m'mudzi ndi adzukulu omwe akuwaphikira.

Chinasintha zinthu ndi ma ARV, omwe boma linayamba kupereka ulere cha m'ma 2005. Munthu yemwe anthu anali atayamba kale kumukonzera matabwa ankadzuka, kunenepa, n'kubwerera kumunda. Mawu akuti kanyera anayamba kuchepa m'kamwa mwa anthu. Mu 2006 boma la Levy Mwanawasa linachotsa malipiro m'zipatala za kumidzi. Kachipangizo koyezera malungo ndi kadontho ka magazi a pachala, pamodzi ndi mankhwala a Coartem, zinachititsa kuti mwana wotentha thupi ayambe wapita kukayezetsa asanatemeredwe. Zemba ili ndi chipatala chake chaching'ono, ndipo ku boma la Chadiza kuli chipatala chachikulu chomwe makolo athu sanachione. Tsopano njira zina zinatembenuka: abale a ku Mozambique ndiwo amadutsa malire kubwera kuno ndi ana kumsana.

Asing'anga sanathe, ndipo bungwe lawo la Traditional Health Practitioners Association of Zambia lakhalapo kuyambira 1978. Anthu ambiri amayenda njira ziwiri nthawi imodzi popanda kuona chotsutsana: mapiritsi ndi ochiza nthenda, sing'anga kapena mneneri wa kutchalitchi ndi wofotokoza chifukwa chake yagwera iwowo osati a nyumba inayo. Alipo asing'anga omwe amati akaona chifuwa cha magazi kapena mwana wosowa magazi amanena okha kuti, “Amayi, izi si zanga, thamangani kuchipatala.” Oterowo ndi ofunika kuwasunga. Oopsa ndi aja oyenda ndi galasi ndi mkanjo, olipiritsa ng'ombe kuti afukule nyanga m'nyumba ya nkhalamba.

Pa uchembere ndi pomwe zakale ndi zatsopano zikukokanabe. Mayi akatenga nthawi yaitali osachira, azamba ankati ndi mapinga, kutanthauza kuti iye kapena mwamuna wake anayenda ndi ena ali ndi pakati, ndipo mwana sangatuluke mpaka wolakwayo atatchula mayina. Mtsikana wa zaka 15, chiuno chake chisanakhwime, ankakhala usiku wonse akuumirizidwa kuulula, kwinaku akumwetsedwa mwanamphepo kuti mimba iwawe msanga, mankhwala omwe amatha kung'amba chiberekero. Chimene ankafunika ndi opaleshoni. Masiku ano azamba amalangizidwa kuperekeza amayi kuchipatala m'malo mowachiritsa kunyumba, magulu a SMAG, olimbikitsa uchembere wabwino, amayendera oyembekezera m'midzi, ndipo mafumu ambiri amalipiritsa banja lomwe mayi wachirira pakhomo. Imfa zachepa. Koma funso lija la mayina limanong'onezedwabe pangolo, panjira yopita kuchipatala.

Nthenda imene yatsalira m'mbuyo kwambiri ndi khunyu. Mpaka lero ambiri amakhulupirira kuti thovu la munthu wogwa, kapena mpweya womwe watulutsa, zimapatsira. Choncho akagwa anthu amabalalika, ndipo akagwera pamoto amapsa anzake akuonerera chapatali. Amanenanso kuti wa khunyu akangopsa ndiye kuti sadzachiranso, motero amene akufunika thandizo koposa ndi amene amatayidwa. Ana otere amasiyitsidwa sukulu, akakula amavutika kupeza banja. Khunyu sapatsirana mwa njira imeneyo. Kwina amayamba ndi malungo a muubongo, kwina ndi kuvulala pobadwa, koma kuno kum'mawa gwero lina lalikulu likuyendayenda pabwalo pathu pomwe. Akatswiri a pa University of Zambia ndi anzawo a ku Belgium akhala akufufuza ku Katete, Sinda ndi Petauke za nyongolotsi ya nkhumba. Munthu akadya nyama yosapsa bwino yokhala ndi masese, nyongolotsiyo imakulira m'matumbo mwake. Akadzithandiza kutchire, nkhumba zosakhala m'khola zimadya mazira a nyongolotsiyo n'kuchita masese. Mazira omwewo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo, amakamera muubongo, ndipo munthuyo amayamba kugwa. Bungwe la World Health Organization limati m'madera momwe nyongolotsiyi ndi yofala, pafupifupi 30 mwa anthu 100 alionse a khunyu amadwala chifukwa cha iyo. Midzi ya ku Zemba imaweta nkhumba mofanana ndi ya ku Katete, ndipo mwambo woti mkamwini asaonedwe akulowa chimbudzi chimodzi ndi apongozi ake umatumizabe amuna ena kutchire ngakhale pakhomo pali chimbudzi. Mapiritsi oletsa kugwa, monga phenobarbitone, ndi otsika mtengo, koma amafuna kumwa tsiku lililonse kwa zaka, ndipo m'zipatala za kumidzi amatha kusowa. Akasowa mwezi umodzi wodwala amagwanso, abale amati zachizungu zalephera, ndipo amamukweza panjinga kubwerera kwa sing'anga.